Nsanja Yobisika ya Delbert Haugen

Delbert Haugen, mlongo wanga weniweni, mwana wa Arvid ndi Solveig, bambo wa Merle ndi Darlene, ankabisa nsanja yake yosakira mbawala moti ngakhale mkazi wake sankaidziwa. Anthu a kuno ku Wisconsin ankamuseka, koma kuseri. Pamaso panga ayi.

Iye ankati mbawala imayang'ana kumwamba, ndipo siiwala. Nsanjayo ankaimanga pamwamba mumtengo wa mkungudza n'kuiphimba ndi nthambi, ndipo akakwera, makwerero achingwe ankawakokera komweko. Nyengo yosaka ikayandikira ankaleka sopo, zovala n'kuzikwirira m'masamba owola. Kutchalitchi benchi yonse inkakhala yake yekha.

"Bambo, mudzandisonyeza liti nsanjayo?" ankafunsa Merle.

"Ukadzaleka kutsokomola."

Tsiku lina dzuwa linapendeka, chipale chofewa chikugwa, Delbert osabwera. Mkazi wake Verna, mlamu wanga, analowa m'nkhalango ndi Merle. Mapazi onse anali atakwiririka. Chisanu chimenecho Verna ankachidziwa: munthu wamkulu chikamupeza panja kutada, sadzuka.

"Bambo a Merle! Delbert!"

Zii.

Chikhalirecho mwamunayo ali pafupi, akumva zonse. Makwerero anali atamupulumuka n'kugwera pansi, zala zitauma gwa. Koma kuyankha ayi, kuopa kuti mbawala zingadziwe mtengo wake.

"Merle, thamanga ukaitane anthu," anatero Verna. Mwanayo atapita, anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa botolo la perefyumu, uja wopitira kutchalitchi.

"Nkhalamba iwe, ndikudziwa ukundimva. Ndipopera mtengo uliwonse muno. Mbawala sizidzapondamonso mpaka adzukulu ako adzamere imvi!"

Anapopera mtengo woyamba. Zii. Wina, winanso. Botolo linayamba kupepuka, mdima ukuyandikira. Nanga bwanji ngati sikukanika kwake kuja, koma wauma kale? Analoza botolo pa mkungudza wina wooneka wopanda kanthu.

"Verna! Wapenga kodi?" anatero mawu amanong'onong'o kuchokera kumwamba. "Tsitsa chinthucho!"

"Tsika iweyo, chitsiru cha munthu!"

"Usakuwe, mayi. Zikumva."

Verna anafukula makwerero m'chipale n'kuwaponya, kuponyanso, akulira uku akutukwana, mpaka Delbert anawakola ndi mfuti. Kuchipatala anamudula chala chimodzi chakuphazi. Bala lisanapole, iye anatsimphina kukasamutsa nsanja ija, ati malowo anunkha ukwati.

Anatisiya chaka chatha, ali pabedi lake, tsiku lokhalo limene sanathe kukana sopo. Pa benchi yake tsopano pamakhala anthu othithikana, ndipo ine sindikondwa nawo. Mawu ake omaliza kwa Merle anali akuti, "Ndikachira ndikakusonyeza."

Merle wameranso imvi. Nyengo yosaka ikakwana amayenda m'nkhalango muja khosi lili chagada, mtengo ndi mtengo, atagwira pakamwa kuti asatsokomole.