Atsibweni, Tabuleti ndi Malire a Munda wa Mayi

Lolemba

Katundu wafika kuchokera ku Lilongwe m'katoni ya sopo. Achimwene atumiza tabuleti imene ana awo atopa nayo, ndi kalaputopu kakang'ono ngati buku la nyimbo. Pafoni akuti, "Zakalamba koma moyo zili nawo, uone chochita nazo." Anthu a m'tauni sataya zinthu, amatumiza kumudzi.

Ndaziyendera ngati mbuzi za pamsika:
tabuleti, galasi long'aluka pakona, koma ikuyaka;
kalaputopu, sikayaka pokhapokha chingwe chili pamagetsi;
tchaja imodzi, yomangidwa ndi mphira pakhosi.

Chochita nazo ndili nacho kale. Munda umene anandisiyira malemu mayi ukuchepa. Chaka chilichonse ana a aMbewe, oyandikana nafe munda, akamaunga mizere amalowa mzere umodzi mbali yathu. Umodzi basi, mwaulemu. Sungapite kubwalo chifukwa cha mzere umodzi, anthu angakuseke. Koma zikapitirira chonchi, mwana wanga wamkazi adzalima pati?

Odziwa malire enieni ndi atsibweni okha, mlongo wawo wa mayi, mwini mbumba yathu. Ndipo mutu wawo wayamba kudontha. Sabata yatha anandifunsa ngati mayi abwerako kuchigayo. Mayi tinaika kalekale.

Pulani yake nayi:
kuwatengera atsibweni kumunda, aloze malire, ine ndijambule vidiyo;
kusunga vidiyoyo m'kalaputopu;
wina akadzalowanso mzere, ine osayankhula, kungoyatsa.

Bambo a ana akuti iwo ndi mkamwini, za malire a eni mudzi siziwakhudza. Ukamwini amaukumbukira pa nkhani ngati zimenezi. Pa nkhani ya ndiwo amakhala mwini mudzi.

Lachiwiri

Pakabaza mpaka ku Namitete, kukatchaja kometera tsitsi. Kasola kathu mphamvu zake zimathera pa foni.

Wometa wazitembenuza uku ndi uku. Akuti, "Izi zinali madolo nthawi yake, mayi." Walumikiza kalaputopu. Kamadzuka ngati munthu wodwala malungo: wameta mutu wonse wa kasitomala iko kasanatsegule maso. Koma kayaka!

M'tabuleti mwadzaza magemu a ana ndi zithunzi za makeke. Ndafufuta zonse. Ana a achimwene amadya keke pafupipafupi, ndaona.

Kunyumba ndayesa kujambula nkhuku, madzi a tiyi ali pamoto. Tabuleti yazima madzi asanawire. Ndiye kuti atsibweni ayenera kuthamanga kuposa ketulo. Palibe vuto. Kuloza malire ndi nkhani ya chala, si ulaliki.

Madzulo ndawauza atsibweni za pulani ija. Akuti, "Pakanema, eti? Ndiye uchape jekete."

Lachitatu

Ndatchajanso m'mawa. Wakabaza wayamba kundipatsa moni ngati mbale wake.

Atsibweni atuluka: jekete, tayi, nsapato za kutchalitchi, dzuwa likuswa mtengo. Kumunda akana. Akuti nsapato zimenezi siziponda m'mizere, komanso nkhani siyambira kutchire, imayambira pakhomo. Akhala pampando pansi pa mango. Ndayatsa, ndikuti mwina anena mawu awiri kenako tinyamuke.

Akutsokomola. Akuomba m'manja. Ayamba kupereka ulemu:
kwa amfumu, amene palibe;
kwa nduna zawo, zimene palibenso;
kwa akuluampingo;
kwa achimwene a ku Lilongwe, akazi awo, ana awo, ndi galimoto imene inanyamula katunduyu;
kenako kwa akufa, kuyambira kutali kwenikweni, mmodzimmodzi.

Ine maso ali pa kachizindikiro ka batire. Kakufiira. Mkono watopa. Pamapeto akonza tayi, akuti, "Tsono, nkhani ya malire ija ili motere."

Galasi bii!

Ndawauza kuti chazima. Sanakwiye. Akuti, "Chagona? Ndiye tichidikire, ine sindiyankhula ndi wogona." Ndawapempha andiuze ineyo pakamwa, poti makutu anga safuna magetsi. Akuti, "Iwe ndiwe mwana. Izi ndi za pakanema." Mwana wake ine, wa imvi m'mbali mwa duku.

Lachinayi

Ndatchajanso, ndipo lero ndabwera ndi nzeru. Ndigwira tabuleti m'mwamba ili yozima, ulemu wonse udutse, ndiyatse akafika pa "tsono".

Koma mbiri yamveka m'mudzi. Pansi pa mango padzaza azimayi, zitenje za paukwati, milomo yowala mafuta. Wina wabwera ndi mpando wake. Aliyense wofika ayenera kutchulidwa, iye ndi kwawo kumene anachokera. Ulemu wa dzulo unali waufupi!

Ndapirira. Afika pa "tsono", ndadina. Ndaiwala kuti chinthuchi chikamayaka chimaimba kanyimbo. Kalira mokweza, nkhuku zabalalika.

Atsibweni aima. "Kodi nthawi yonseyi chinali chosayaka?"

Ndavomera.

"Ndiye anthu a m'katimo sindinawapatse moni. Adzati mkuluyu analeredwa kuti?"

Ayambiranso kwa amfumu. Batire yafera pakati pa akufa.

Ndakwiya mpaka ndatsuka mbale zotsuka kale. Koma mkwiyo utatsika ndikuona chimene akuona iwo. Ine ndikagwira tabuleti ndimaona umboni. Iwo amaona khamu la alendo likuwayang'ana pagalasipo, ena osabadwa n'komwe, adzukulu a mwana wanga. Munthu sungawauze alendo za munda usanawauze kuti ndiwe yani, wabadwa mwa yani. Akulondola. Vuto ndi loti amene anapanga batireyi sanakhalepo pamsonkhano wa kumudzi.

Lachisanu

Nsapato za kutchalitchi ndazibisa m'nkhokwe, ndati zili kwa wosoka. Avala magambuti ndi jekete. Tabuleti ndinatchajiratu dzulo madzulo. Tanyamuka kupita kumunda, azimayi asanamalize kusamba.

Tafika, ndipo pamalirepo paima munthu. AMbewe enieniwo, nawonso m'jekete! Awaitana ndi atsibweni, dzulo, mwakachetechete. Atsibweniwo akuti, "Malire ali ndi mbali ziwiri. Ukufuna kujambula mbali imodzi ngati wakuba?"

Dzuwa landithandiza, ulemu wafupika. Ndayatsa. Ndafunsa malire. Nkhalamba ziwirizi zayankha pamodzi, mosatsutsana: kuchokera pamkuyu kukafika pachulu. Mtima wanga myaa. Agwirizana, pakanema!

Ndayang'ana uku ndi uku. Mkuyu uli kuti? Chulu chili kuti?

AMbewe akuti chulu anachikumba kalekale, anaumbira njerwa za tchalitchi. Atsibweni akuti eya, ndipo mkuyu anaudula chaka chomwecho, anaotchera njerwa zomwezo. Malire athu onse awiri ali m'khoma la tchalitchi. Lamulungu lililonse ndimawatsamira.

Ndapempha aloze pamene panali mkuyu. AMbewe aloza apa ndi ndodo. Atsibweni ayenda, ayenda, alowa m'kati mwenimweni mwa munda wathu, abaya ndodo pansi. "Unali pano." AMbewe achita manyazi. Akuti, "Ayi achimwene, apo mwandipatsa zambiri, bwererani pang'ono." Atsibweni abwerera. Aima. Akuyang'ana dambo, phiri, ine. Sakudziwa.

Tabuleti yatentha ngati simbi, yalemba zachizungu zodandaula, yazima yokha. Awiriwo abwerera kumudzi akuseka za ng'ombe zimene ankaweta limodzi ali anyamata. Mayina a ng'ombezo akuwakumbukira onse.

Ine m'mbuyo, ndi chitsulo chotentha m'chitenje.

Loweruka

Ku Namitete, kukasamutsira mavidiyo m'kalaputopu. Magetsi azima. Tonse tikudikira pakhonde, ine ndi bambo wina wometedwa theka la mutu, chipewa atavala mpaka m'makutu. Magetsi abwera masana.

Chingwe cha tabuleti sichikulowa m'kalaputopu. Wometa wafukula china m'kabati. Kalaputopu kaganiza, kaganiza, kalandira.

Taonera ya Lachisanu. Padzuwa galasi silinkaoneka, ndinkangoloza mwachikhulupiriro. Zotuluka:
mitambo;
magambuti;
ndodo ziwiri zoloza kosiyana;
mphepo, phuu, phuu;
ndi mawu amodzi omveka bwinobwino, a atsibweni: "Unali pano." Pakati pa munda wathu!

Imeneyi ikafika kubwalo ndaluza theka la munda ndi umboni wanga womwe. Ndafufuta, ndafunsanso wometa ngati yafufutikadi.

Kenako ya Lachitatu. Yoyera, mawu omveka, tayi yowongoka. Tsiku lija sindinamve kanthu, makutu anga anali pa batire. Lero ndamva. Akutchula azimayi a mbumba yathu kuyambira amene anachoka ku Nambuma ndi mtondo pamutu, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu, osaphonya, osabwerera m'mbuyo. Munthu yemweyu amene sakudziwa pamene panali mtengo. Afika pa mayi, awatchula Mwandida, dzina limene anali nalo asanavinidwe. Sindinalimvepo chibadwire.

Makina ometera aima. Bambo wa theka la mutu uja akuti, "Mayi, tabwezani pang'ono. Agogo atchulidwa koyambirira aja ngati ndi akwathu." Tabweza. Sitinatsimikize, koma wandipatsa moni wachiwiri, wachibale.

Wometa wapempha kalaputopu katsale, aziikamo nyimbo za makasitomala, vidiyo yanga aziyisunga pakona pakepake. Ndavomera. Kwathu kopanda magetsi kakanangokhala patebulo, kophimbidwa ndi kansalu koluka. Pano kali pantchito.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi ndawaonetsa atsibweni vidiyo yawo patabuleti. Akhala tsonga. Munthu wa pagalasi akapereka ulemu, iwo akuomba m'manja, akuyankha, "Zikomo, zikomo." Akufa akamatchulidwa, milomo yawo ikutsatira. Itazima akuti, "Mkuluyu amadziwa kuyankhula. Ngwa kwa yani?"

Ndawayang'ana kumaso kuti ndione ngati akuseka. Sindinathe kudziwa. Ndati ndi wakwathu konkuno. Akuti zikuoneka.

Madzulo ndadutsa kumunda. Ana a aMbewe anayamba dzulo kuunga mizere, ine ndili ku Namitete. Dothi latsopano, lofiira, lowongoka bwino. Alowanso.

Ndaima pamenepo mpaka ng'ombe zadutsa. Woti ndikamufunse palibenso, ndipo tabuleti ngakhale itakhala yatsopano singajambule chimene chachoka m'mutu mwa munthu. Ndinachedwa, osati ndi sabata ino yokha.

Ndapempha bambo a ana andidulire nkhadze. Akuti kudula mitengo ndi ntchito ya mkamwini, kubzala kwake ndione ndekha. Chabwino. Mawa m'mawa ndibzala mzere wonse, pomwe lafika khasu lawo lero. Malire a mayi sindidzawapezanso. Mwana wanga adzapeza awa.