Tsiku Limene Ndinapempherera M'nkhokwe

Kuno kwathu, kumtunda kwa Chisepo, alipobe anthu amene akandiona ndikudutsa pafupi ndi nkhokwe amayang'ana kumbali kubisa mano. Sindiwadzudzula. Munthu amene anandiona tsiku limenelo, makoko kumutu, bondo likutuluka magazi, ali ndi chifukwa chosekera. Koma iwo amadziwa mathero okha.

Chinali chaka chija matipate atangolowa, pakamwa pa anthu patamasuka. Kumsika, pamjigo, ngakhale pamaliro, aliyense ankanena zakukhosi. Ine ndekha pakamwa panali potseka, osati kwa anthu ayi (ondidziwa angakuuzeni kuti zimenezo sizingatheke), koma kwa Mulungu. Ndinkagwada m'mawa ndi madzulo monga ndinaphunzitsidwira, mawu n'kumatuluka, koma kunali kusinja mumtondo wopanda kanthu.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Anali a Lufeyo, alongo anga a bere limodzi, eni mbumba yathu. Nthawi ya chipani chimodzi iwo ndiwo anali apampando m'mudzi muno. Mwana wanga Mateyu tsiku lina anakana kugulira mkazi wake woyembekezera makhadi awiri a chipani, ati mwana wam'mimba sanayambe ndale. Mawu amenewo anamutengetsa. Anabisala m'chigafa cha fodya masiku atatu, anthu a chipani anamupeza, anapita kundende zaka zinayi. Anabwerako akutsimphina, khutu limodzi losamva, ndipo sanakhalitse. Anasamukira ku maesiteti a fodya, ati sangamwe chitsime chimodzi ndi amalume ake. Tsiku limene anamugwira n'kumukweza m'galimoto, a Lufeyo anaima poteropo, manja kumbuyo, osanena kanthu. Kuchokera pamenepo ine ndi iwo unali moni wa pamaliro basi.

Lachinayi lina, pa msonkhano wa amayi kutchalitchi, amayi abusa anatiphunzitsa za kupemphera pawekha. Anati kupemphera n'kucheza, ndipo mlendo wolemekezeka sucheza naye pakati pa msika. Anati tipeze malo a tokha, titseke chitseko, tilankhule momveka monga timachitira ndi mnzathu, ndipo ngati alipo munthu watikhala pamtima timutchule dzina pamaso pa Mulungu, osamubisa. Ananenanso za kuwerenga ndime ndi kulemba mayina m'kope, koma izo ndinasiyira odziwa zilembo. Ine ndinatola za chitseko ndi za dzina.

Vuto linali chitsekocho. Nyumba yanga inali chipinda chimodzi chodulidwa ndi mphasa, ndipo munkagona ine, adzukulu anayi ndi nkhuku yofungatira. Ndinayesa kumunda. Ndangogwada pakati pa mizere, uyu wadutsa: mwadzuka bwanji agogo? Munthu wamkulu sungakane moni, ndiye pemphero lonse linathera kuyankha za ana ndi mvula. Ndinayesa kubafa. Kumeneko ndinakhalitsa osamveka kukhavula madzi, mpaka mwana wanga wamkazi Esinati analowa chothamanga poganiza kuti ndakomoka, nandipeza nditagwada pamwala wosambirapo, manja m'mwamba. Anatuluka, ndipo madzulo ndinamumva akuuza amuna ake kuti amayi ayamba kukalamba.

Tsono Loweruka lina kunali msonkhano wa chipani china chatsopano ku Chisepo, ndipo kunamveka kuti akagawa nsalu. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko, ndi ana omwe. Ndinatsala ndekha ndi mbuzi. Ndili pakhonde, maso anga anagwera pa nkhokwe. Unali mwezi wodikira mvula yoyamba, chimanga chitatsikira pansi penipeni. Ndinati mumtima: si chipinda ichi? Khoma lilipo, denga lilipo, odutsa palibe.

Ndinatukula denga ndi mphanda monga tichitira potapa chimanga, ndinatsamiritsa makwerero, ndinamanga nsalu molimba, n'kukwera. (Apa mundikhululukire, simuyenera kuganizira kwambiri momwe mayi wa zaka zanga amalumphira mkombero wa nkhokwe.) Mwendo woyamba unalowa bwino. Wachiwiri unakankha makwerero, makwerero anagunda mphanda, ine phi pa chimanga, denga n'kundivindikira ngati chivindikiro cha mtsuko. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira chimene mwana aliyense amadziwa, kuti m'kati mwa nkhokwe mulibe makwerero.

Ndinaitana Esinati, ngakhale ndinkadziwa kumene ali. Ndinayesa kukwera pa nsungwi, zala zinakana. Munali motentha, fungo la makoswe, anankafumbwe akuyenda m'khosi. Nditatopa ndinakhala pansi, ndipo ndinaona kuti chimene ndinkafuna chija ndachipeza. Chitseko chatsekedwa, ndipo wotseka si ine.

Ndinagwada pa zisononkho. Ndinati, "Atate, ndabwera nawo a Lufeyo. Mwati tiwatchule, ndawatchula."

Ndipo zinatuluka. Ndinayambira kutali, tili ana, mmene ankandilanda mbewa zanga zootcha n'kunamizira galu. Ndinanena za mbuzi ya malemu amayi imene anapereka kwa akuluakulu a chipani osatifunsa. Ndinanena za amayi amene ankawabweza pachipata cha msika ndi madengu kumutu chifukwa cha khadi. Kenaka ndinafika pa Mateyu. Ndinauza Mulungu za manja aja ali kumbuyo. Ndinamuuza za zaka zinayi zimene ndinkapakula chakudya cha mwana wanga n'kuchivindikira, osadziwa ngati ali moyo. Ndinamuuza za mwana wa Mateyu amene anabadwa bambo kulibe, amene atamuona koyamba anathawa kukabisala kuseri kwa khola. Ndinalira monga sindinalirirepo pamaliro alionse.

Pomaliza ndinanena chimene ndinali ndisanayerekezepo kunena nditagwada. Ndinati sindikufuna kuwakhululukira, ndipo sindinamizira. Ndinati ngati Iye akufuna kuti zichitike, achite yekha, poti mwa ine mulibe.

Munakhala chete. Koma chete ameneyo anali wina. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezo ndinamva kuti mawu anga afika pa khutu la winawake.

Anali atafikadi. Pansi pa nkhokwe, pamene nkhuku zimabisala dzuwa, panamveka munthu kutsokomola.

Mudzi wonse unapita kumsonkhano kupatula munthu mmodzi, amene masiku amenewo sankapondako poopa kukuwizidwa. A Lufeyo anamva makwerero akugwa, anabwera kudzaona ngati ndi mbuzi kapena wakuba, ndipo atamva dzina lawo anakhala pansi. Anamva zonse, ndi za mbewa zomwe. Manyazi amene ndinamva, ndikanakonda anankafumbwe andidye nditheretu.

Kenaka analankhula, mawu akudzera m'mipata ya nsungwi.

"Alongo, mwasiyako chimodzi."

Ndinatchera khutu, iwo n'kupitiriza.

"Chigafa chija Mateyu anabisalamo. Amene anawalozera ndine."

Ine zaka zonsezo ndinkawada chifukwa chokhala chete, osadziwa kuti analankhula. Anati anthu a chipani aja anawauza kuti mwanayo akapanda kupezeka dzuwa lisanalowe, atenga iwowo m'malo mwake. Sanadzikometse. Anangoti anaopa, ndipo kuyambira tsiku limenelo iwonso akagwada mawu amakanirira pakhosi. Anati akanatha kufa nazo, koma poti ndinali pakati pouza Mulungu milandu yawo, sanafune kuti mlandu waukulu usiyidwe kunja.

Kenaka anandifunsa ngati aimike makwerero.

Ndinawauza kuti kuli bwino ndiwolere momwemo kusiyana n'kutulutsidwa ndi iwo. Anati chabwino. Sanachoke. Ndinkamva kupuma kwawo pansi panga, ine pamwamba, iwo pansi, pakati pathu timitengo ndi chimanga cha miyezi iwiri. Tinakhala choncho dzuwa mpaka kupendeka. Ndinayesa kupempheranso kuti Mulungu atumize munthu wina, aliyense, ngakhale woledzera. Sanatumize. Ludzu linandigwira, miyendo inachita dzanzi, ndipo thupi linayamba kundikumbutsa zinthu zimene munthu sangachitire pa chakudya cha ana.

Kutali kunayamba kumveka nyimbo. Anthu ankabwerera kumsonkhano. Ndinaganiza za mayi wokalamba wopezeka m'nkhokwe yovindikira akulankhula yekha, ndi dzina limene anthu akuno amapatsa mayi wotero. Dzina limenelo silichoka, ndipo limatsikira kwa adzukulu.

Ndinati, "Imikani."

Anatukula denga, anakwera, anatsitsa dzanja. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Ndi dzanja lomwelo linaloza chigafa. Linali litaonda, mitsempha ili pamtunda. Ndinaligwira.

Kutuluka kwake sikunali kwaulemu. Iwo kukoka, ine kupalasa ndi mapazi, nsalu yanga n'kukodwa pa nsungwi. Nditafika pamkombero makwerero anatsetsereka, tonse awiri khu pansi, ine pamwamba pa eni mbumba. Ndi mmene anatipezera anthu, atavala nsalu zawo zatsopano: nkhalamba ziwiri zosalankhulana, zitaunjikana m'fumbi, zitagwirana manja. Esinati anaponya nsalu yake pa ine. Mkamwini wanga anafunsa mwaulemu wonse ngati chimanga chili bwino.

A Lufeyo anauza anthu kuti ndinagweramo potapa chimanga. Zimene anamva sanauze munthu mpaka tsiku lawo lomaliza. Zimene ine ndinamva ndinazisunga mpaka Mateyu atabwera kudzationa chaka chotsatira. Ndinamuuza ku khutu lake labwino. Anati ankadziwa kale, poti tsiku lija anawaona pa mpata wa udzu akuloza. Sanandiuze pofuna kuti nditsale ndi mlongo. Kwa amalume ake sanapite, ndipo ine sindinamukakamize.

Lachinayi lotsatira amayi abusa anafunsa ngati alipo amene anapeza malo a yekha. Amayi onse anatembenukira kwa ine. Ndinati ndinapeza, koma sindingalangize wina.

Kunena kuti ndinatuluka m'nkhokwe muja mtima uli mbee, kungakhale kunama, ndipo ndinasiya kunama ndikamalankhula za Mulungu. Masiku ena ndinkawatchula a Lufeyo m'pemphero n'kuwapemphera zabwino. Masiku ena ndinkawatchula n'kuyambiranso mlandu. Koma ndinkawatchula, ndipo Mulungu sanandithamangitsepo chifukwa chobwera ndi mkwiyo. A Lufeyo anakhala ndi moyo mvula zina zitatu. Atadwala, ndine ndinkawatungira madzi ndi kuwatembenuza pamphasa. Tsiku lina anandipempha kuti ndiwapempherere mokweza, ati anamvapo kale mmene ndimapempherera ndipo amadziwa kuti sindisiya kanthu.

Amayi achitsikana akandifunsa kuti ndinatha bwanji kugwira dzanja la munthu wotero, amayembekeza kuti ndinena za mtima woyera. Ndimawauza zoona. Ndinali m'dzenje, anthu ankabwera, ndipo dzanja linalipo limodzi lokha. Mulungu amadziwa kuuma kwa mutu wanga. Akanatumiza awiri, ndikanasankha linalo.