Tsiku limene laputopu inandiuza kuti ndabedwa

Nkhani iyi amuna anga anandiletsa kuinena, poti kubanja kwawo mpaka lero sinazizire.

Linali Lachiwiri m'mawa, kunyumba ku Chelstone. Nditangotsegula laputopu kuti ndilembe kalata yofunsira ntchito, panatulukira uthenga wofiira wa pulogalamu ija yoteteza ku mavairasi. Unati yagwira chinthu choopsa, ndipo mwina akuba atenga dzina langa. M'minibasi ndinkamva anthu akusimba kuti wakuba amagula simu ndi chitupa chako, chija timati reji, n'kumabera anthu, apolisi n'kudzamanga iwe. Ndinadziona ndili m'ndende, ana anga akulira pageti.

Laputopuyo ndinaizimitsa n'kuikulunga m'chitenge (ndinkaganiza kuti akubawo akundionera pa kamera). Kenako ndinakumbukira kuti Lamlungu alamu anga, ba Mutinta, anaibwerekako, reji yanga ili patebulo pomwepo. Ndinawaimbira nthawi yomweyo.

"Ba Mutinta, munachita chani na reji yanga?"

"Reji yanu? Ya chani ine?"

"Osakana. Laputopu yaniuza vonse."

Anadula foni.

Ndinakwera basi, mtolo wanga pachifuwa, mpaka kupolisi m'tauni. Wapolisi wapakauntala anandifunsa, "Bakubelani chani, amai?"

"Baniba ine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma muli pano."

Anandilozera kwa mayi wina wokonza makompyuta chapafupi. Mayiyo anawerenga uthenga wonse modekha (ine ndinali nditalekezera pamzere wachiwiri).

"Iyi si vailasi," anatero. "Ni pulogalamu ya nyimbo za kwaya. Nthawi zina choteteza ichi chimagwila chintu chosalakwa."

"Nanga va dzina langa?"

"Malonda chabe. Bafuna mugule yodula. Nanga ya kwaya anaikamo ndani?"

Ndinaikamo ndine, Loweruka.

Pofika kunyumba, nkhani inali itafika kale kwa apongozi. Mawa lake amuna anga anandiperekeza kwa apongoziwo ku Kabwata, ndinagwada pakapeti n'kupepesa pamaso pa banja lonse. Ba Mutinta anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Laputopu yakuvomelezani kupepesa?"

Ndinaphunzira kuwerenga uthenga mpaka kumapeto ndisanaimbire munthu. Koma ndisaname, chofiira chikatulukira pa sikirini, ndimayamba kaye ndatseka makatani.