Malata a Amayi ndi Khadi la ku Mangalande

Lolemba, 19 Novembala 2007

Khadi lafika! Labwera ndi namwino mnzake wa Eneti, mchemwali wanga amene akugwira ntchito kuchipatala ku Mangalande. Kanthu kakang'ono, kabuluu, koma akuti m'kati mwake muli mapaundi 250 ogulira malata a nyumba ya amayi ku Khonjeni. Denga laudzu lija latheratu. Dzinja lapitali amayi ankagona beseni lili pabedi.

Kalata ya Eneti ndi ya masamba awiri. Tsamba loyamba muli moni ndi nambala yachinsinsi. Lachiwiri likuyamba ndi "Achimwene, musamatape pang'onopang'ono, chifukwa..." Ndalekera pomwepo. Mwana amene ndinkamubereka kumbuyo ine, lero andiphunzitse masamu? Zaka khumi ndi zinayi ndili kalaliki wa sikelo paesiteti pano!

Masamu anga:
paundi imodzi K280, onse pamodzi K70,000
malata 30 pa K2,000 limodzi, K60,000
misomali, matola ndi mmisiri, K8,000
K2,000 yotsala, ya mutu wanga

Mmisiri ndamuuza kuti abwere Lamulungu.

Kusikelo zachizolowezi. Mame ngambiri, ndiye dengu lililonse la tiyi ndikudula kilo imodzi ya dengulo ndi awiri a madzi. Mayi Feliya, amene amathyola munda wa kumtsinje, akundiyang'ana ngati ndawaphera mbuzi. "Mamewo ndagwetsa ine, akalaliki?" Ndikuwayankha monga mwa masiku onse kuti ndi lamulo la kampani.

Lachiwiri, 20 Novembala

Khadi lili m'thumba la shati, mutu wake uli panja kuti liziwomba mphepo. Akapitawo aliona. Dalaivala wa thirakitala waliona. Mlonda wa pageti wapempha kuligwira, ndamuuza ayambe wasamba m'manja.

Masana ndathamangira kuboma. Makina a banki alimeza, aganiza, alilavula. Kawiri! Mtsikana wa pakauntala akuti makina awo sadziwa makhadi akunja, ndikayese ku Limbe. Makina akumudzi, nsanje basi.

Ndauza abwana kuti dzino landivuta, mawa ndikachotsetsa. Dzinolo lilipodi, kungoti silikupweteka.

Lachitatu, 21 Novembala

Limbe!

Kalaliki weniweni sakhulupirira sikelo asanaiyese. Ine m'mawa uliwonse ndimapachika mwala wa makilo asanu katatu ndisanayeze dengu la munthu. Makina a banki angapose sikelo?

Ndatapa K500. Yatuluka, yatsopano, yosapinda.
Ndatapanso K500. Yatuluka.
Kachitatu K500. Makina ali bwino.
Banki ya tsidya la msewu, kuti ndifananitse: K1,000, kenaka K500.
Ndafunsa zotsala kangapo, koma makinawo akungosindikiza manambala osamveka. Mapepalawo ndasunga, ngokongola.

Ndiye nditape zonse? Pawindo la osintha ndalama pali bolodi: paundi K281. Yakwera ndi kwacha imodzi chilembere masamu anga aja! Bambo wina wa tayi pamzere akundinong'oneza kuti kwacha igwa mawa kapena mkuja, wamva kwa mlamu wake wodziwa zinthu. Kwacha ikagwa, mapaundi anga anenepa ine ndili gone. Wopusa yekha ndiye angakolole chimanga chili chachiwisi.

Ndagula kachikwama kachikopa kosungiramo khadi, tchipisi ndi nkhuku, ndi nyuzi yoti ndizionamo mitengo ya ndalama. Ndabwerera ndi thonje m'kamwa kuti abwana asakayike.

Lachinayi, 22 Novembala

Dzino labwereranso. Abwana akuti aka n'koyamba kumva dzino lochotsedwa likupweteka. Ndawauza kuti ndi loyandikana nalo, lasungulumwa.

Bolodi la ku Limbe: K280. Kwacha, imene yakhala ikugwa moyo wanga wonse, yasankha sabata ino kuima chilili. Bambo wa tayi sakuoneka.

Ndalowa m'sitolo ya malata kuti ndingolipira ndi khadi ngati azungu. Mwini sitolo akuti ndikatero awonjezera zake pamwamba, komanso kamakina kake sikakugwira, lamya inafa. Ndiye akundiuza ngati nkhani yabwino kuti lata tsopano ndi K2,200, poti mitambo yayamba ndipo aliyense wakumbukira denga lake.

Paundi yatsika ndi kwacha imodzi. Lata lakwera ndi K200. Ndikudikirabe mpaka mawa, poti ndayamba kale.

Ndatapa K1,500 ya minibasi ndi chakudya. Kenaka K1,000, ndinaiwala buledi wa kunyumba.

Pobwerera mvula yatipeza pa Bvumbwe, ya matalala. Kunyumba ndapeza uthenga wochokera ku Khonjeni: amayi akufunsa ngati malata akubwera pa ndege kapena wapansi. Beseni lawo akuti ladzadza kawiri. Apa mtima wandipweteka ndithu, nthabwala pambali.

Lachisanu, 23 Novembala

Abwana akuti dzino lachitatu likadwala ndipite nalo limodzi osabweranso. Ndayeza masamba a m'mawa onse. Anyowa ndi mvula ya dzulo, ndadula makilo atatuatatu a madzi. Mayi Feliya angotsonya.

Ndanyamuka masana. Zonse zitheke dzuwa lisanalowe, Sabata lisanandipeze ndi malata pamutu.

Bolodi sindinaliyang'ane n'komwe. Kumakina:
K70,000? Akana. Satulutsa zoposa K20,000 nthawi imodzi.
K20,000. Yatuluka.
K20,000. Yatuluka.
K20,000. Ndalama zosakwanira!

Zosakwanira bwanji? Masamu anga akuti mwatsala K24,500. Ndayesa 19. Ndayesa 18. Ndayesa 17. Mzere kumbuyo kwanga wafika pamsewu. Mayi wina wa mwana kumbuyo akuti, "Bambo, makinawo sanenerera, si pamsika pano." Pa K16,500 atulutsa, kenaka zii.

K8,000 yasowa ine ndikuona. Ndalowa m'banki kukafunsa. Mnyamata wa pakauntala watembenuza khadi uku ndi uku, akuti si lawo, ndikafunse eni ake ku Mangalande. Minibasi ya kumeneko imakwerera pati?

M'manja K56,500. Kuchotsa misomali, matola ndi mmisiri, akwana malata 22. Ndawerenga katatu, sanaswane.

Matola anditsitsa pageti la esiteti dzuwa litatsala chala chimodzi. Mlonda uja wandithandiza kunyamula. Sanapemphenso kugwira khadi.

Sabata, 24 Novembala

Tsiku lopuma, losawerenga ndalama. Ndawerenga ulaliki wonse.

Mkulu wa mpingo, mwa nkhani zonse za pansi pano, wasankha kulalika za miyeso yachilungamo. Mayi Feliya ali kutsogolo ndi amayi anzawo, ameni wawo akumveka mpaka kufakitale. Ine maso pa nsapato.

Dzuwa litangolowa foni yalira. Eneti. Moni wake wamfupi. Akuti wakhala akuona zonse pakompyuta, mpaka Lachitatu anaganiza kuti khadi labedwa ndi mwana wasukulu, poti munthu wamkulu sangatape K500 katatu.

Wandiwerengera:
kutapa kulikonse kunja kwa dziko lawo, banki yake imadula mapaundi awiri, kaya watapa zambiri kaya zochepa
ine ndatapa kakhumi
posintha paundi kukhala kwacha amadulanso kena
mtengo wa pabolodi si umene makina amatsata
ngakhale kufunsa zotsala n'kolipira

Ndiye kuti K500 iliyonse ija ndinailipirira K560 yonyamulira. Katundu wotchipa kuposa matola ake!

Ndakalipa. Ndati kumeneko ndi kuba masanasana. Munthu wakhetsa thukuta, wagona kuchipatala usiku akutembenuza nkhalamba za eni, wina wangokhala pampando n'kumadula asanamufunse? Ndalamazo zanyowa powoloka nyanja kapena?

Eneti wati, "Ndi lamulo la banki, achimwene. Ndinalemba tsamba lachiwiri."

Mawu amenewo ndikuwadziwa. Ndimangosintha dzina la mwini lamulo.

Zoti atumizenso akuti ndiiwale mpaka chaka chamawa, nayenso kumeneko kwazizira ndipo moto wa m'nyumba ngogula. Tsamba lachiwiri ndaliwerenga tsopano. Lalembedwa bwino kwambiri.

Lamulungu, 25 Novembala

Khonjeni, ndafika nawo malata. Mmisiri wasasula udzu, wayeza, wakanda mutu. Akuti malata 22 sangafolere nyumba ya malata 30 ngakhale titawapempherera. Chipinda chimodzi chitsala.

Amayi akhala pamkeka, akuwerenga malata ndi ndodo yawo. Anathyola tiyi zaka makumi awiri asanapume, kuwerenga makilo palibe angawanamize. Afika pa 22, ayambiranso, afikanso pa 22. Ndayamba kufotokoza za paundi, za bolodi, za mabanki a azungu. Andisiya mpaka ndamaliza.

"Moyo wanga wonse akalaliki ankandidula za madzi," atero. "Ndinkati ndikabereka wanga ndidzapuma. Asanu ndi atatuwo wadula a chiyani, a mame kapena a dengu?"

Mmisiri waseka mpaka wagwetsa hamala.

Agamula okha. Chipinda chawo chifoleredwe. Pabalaza pafoleredwe, ndi mosungira chimanga. Chotsala ndi kachipinda kakummawa, kamene ndimagonamo ine ndikabwera pa tchuthi. Udzu wakale womwe uja wabwerera pamwamba pake.

Malata asanu ndi atatu ndi malipiro anga a miyezi ingapo. Njinga yanga ndiyambe kuitsanzika, igulitsidwa. Khadi lili m'kachikwama kake kachikopa, m'kati mwake mulibe ngakhale ya machesi.

Mitambo yadanso cha ku Mulanje, mawa masamba anyowa. Mayi Feliya abwera ndi dengu lawo, ine ndi pensulo yanga. Sindikudziwa kuti pakamwa ndidzatsegula bwanji.

Ponyamuka amayi andiitana kukhomo. Ndimayesa andipatsa nandolo wa ana. Andipatsa beseni lija, lotsukatsuka. Akuti iwo sakulifunanso, ndilisunge m'chipinda changa, Khirisimasi ili pafupi.

Ndalandira ndi manja awiri.