Belu la Njinga ya ba Esnati

Mpaka lero ku Palabana kuli anthu amene akandiona ndikubwera ndi zigubu za mkaka amayamba kulira ngati mbuzi. Ena ndi akuluakulu, a ndevu zawo. Sindiwayankha chifukwa mlandu ndi wanga, ndipo ndaganiza zoufotokoza ndekha ena asanathiremo tsabola wawo.

Zonse zinayamba ndi mlamu wanga Gibson, mlongo wake wa mkazi wanga, amene amakhala ku Lusaka. Atabwera kudzadya nafe Khirisimasi anandiikira kagemu m'foni. Dzina lake sindinaliwerengepo, zilembo zake zinali ngati nyerere zopondedwa. Gibson anati kanapangidwa ndi munthu mmodzi yekha, kwinakwake kutali, m'chipinda mwake. Ndikukhulupirira, chifukwa akanakhala awiri akanaletsana.

M'gemumo iwe ndiwe ketulo ya miyendo ya nkhuku. Ukuthamanga padenga la nyumba yozondoka. Kumwamba kuli maso m'malo mwa nyenyezi, ndipo nthawi zina kumagwa mvula ya mano. Kumbuyo kwako kukubwera mkazi wa mutu wa mbuzi, ali pa njinga yofiira, akuliza belu. Akakukhudza wafa, uyambirenso pachiyambi. Batani ndi limodzi chabe, lodumphira. Tsiku loyamba ndinaseka kuti izi n'zamisala. Tsiku lachitatu thole linayamwa mkaka wonse wam'mawa ine nditakhala pa ndowa, ndikudumpha mano.

Ndinalimbana nako miyezi itatu. Pamzere wopereka mkaka, kuseri kwa khola, ngakhale kuchimbudzi (Mulungu andikhululukire). Mkazi wanga, amake Chiko, ankaganiza kuti ndikuwerenga za matenda a ng'ombe, mpaka ankaletsa ana kupanga phokoso. Dziwaninso kuti ine ndine mlembi wa chigwirizano cha amuna kutchalitchi kwathu, ndipo m'miyezi yomweyo ndinaimirira kutsogolo n'kulalikira mpaka thukuta kuti mafoni akupasula mabanja. Anthu anavomera ameni wamphamvu.

Lachiwiri lina masana ndinakamaliza. Chitseko chinatseguka, ketulo inalowa, foni inangoda bii. Basi. Popanda zikomo, popanda nyimbo.

Apa m'pamene matenda enieni anayambira. Mtima unakana kukhala pansi. Ndikakhala ndikufuna kuima, ndikaima ndikufuna kuyenda, ndikayenda sindikudziwa komwe ndikupita. Chala chachikulu chinkangogunda chokha pa bondo. Ndinkafuna gemu ina yonga ija, ndipo netiweki kwathu imagwira bwino pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola, choncho ndinasanduka munthu wa pachulu. Ndinalemba pofufuzira magemu kuti ketulo, mbuzi, njinga. Inandibweretsera gemu yosanja maswiti. Ndinayesa ya magalimoto, ndinapambana ndikuyasamula. Ina inali ya pafamu, yoti uzikama ng'ombe ndi chala pa galasi (ine amene ndimakama zinayi zenizeni, ina mwa izo yomenya mateche). Ina inaoneka yolimba ndithu, koma ukafa kawiri inkakumvera chisoni n'kukudumphitsa pamalo ovutawo. Ine chisoni sindinkachifuna. Ndinkafuna gemu yondida, yosamveka mutu wake, yopanda ulemu.

Foni inadzaza ndi zinyalala zimenezi. Kuti ndipeze malo a zina, ndinafufuta kagemu ka ketulo kaja, poti ndinali nditakamaliza. Musaiwale zimenezi, chifukwa ine ndinaiwala.

Nditamudandaulira Gibson, anandilowetsa m'gulu la pa foni la anzake okonda magemu. Anati ndingofotokoza mmene kaja kanalili, iwo andiuza ena ofanana nako. Ndinakwera chulu nditangomaliza kukama kwa masana, zala zili noninoni ndi mafuta okamira, dzuwa likuwala pa galasi. Kulemba kunandichedwetsa, ndiye ndinangojambula mawu:

“Abale, nithandizeni. Miyezi itatu nakhala nipirikitsiwa na mkazi wa mutu wa mbuzi, ali pa njinga yofiira, aliza belu. Akanigwira chabe nafa. Nafa kambirimbiri, nauka, nafa futi. Manje vinasila koma mtima sukhazikika, nilibe mtendere. Ngati aliko adziwa vinangu vamene vilingana na ivi, aniuze.”

Mawu akuti gemu sindinawatchule. Unganene bwanji kwa asodzi kuti nsomba imakhala m'madzi? Ndinatumiza, ndinatsika, ndinapita kukadula udzu wa ng'ombe.

Dzuwa lisanapendeke ndinaona ba Daka, mkulu wa mpingo wathu, akutsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, Baibulo m'khwapa, nkhope ya maliro. Kumbuyo kwawo azimayi atatu a mvano. Ndinatulutsa foni n'kuyang'ana komwe uthenga uja unapita. Gulu la magemu ndi gulu la mpingo zinali zogundana pa mndandanda, ndipo chala changa chamafuta chinasankha mpingo. Uthenga unali utamvedwa kale ndi aliyense, mpaka ena amene amati alibe mabandulo.

“Mwachita bwino kukamba, ba mlembi,” anatero ba Daka atandigwira phewa. “Ambiri amafa navo mumtima. Ni maloto, ai?”

Apa ndiye panali pakhomo potulukira. Ndikanangonena kuti ayi, akulu, ndi kagemu. Koma amake Chiko anali ataima pakhomo, misozi ili mbwee, azimayi a mvano akundiyang'ana, ulaliki wanga wa mafoni ukadali wofunda m'makutu mwawo. Ndinaweramitsa mutu n'kunena kuti inde, ndi maloto.

Anandipempherera mpaka ng'ombe zinayamba kulira njala. Anandiikira kusala kudya kwa masiku atatu. Ndinavomera, ndikuti mumtima njala ya masiku atatu ndi yotchipa poyerekeza ndi kuyaluka (ndinkakazinga chimanga kuseri kwa khola, musandione ngati woyera). Ndinkaganiza kuti nkhani ithera pomwepo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti m'dera lathu muli mkazi mmodzi yekha wa njinga yofiira. Ba Esnati, neba wathu, mayi wamasiye, woweta mbuzi. Njingayo anawasiyira amuna awo. M'mawa uliwonse amabwera nayo pamalo operekera mkaka, ndowa ya vitumbuwa kumbuyo, akuliza belu kuti tidziwe kuti zotentha zafika. Akamadutsa pakhomo pathu ankaliza kawiri, moni wathu ndi ameneyo. Ndi iwo amene anakhala ndi amake Chiko kuchipatala pamene Chiko ankabadwa, ine nditasokonezeka ngati nkhuku yodulidwa mutu.

Lachinayi pamzere belu litalira, anthu anapatuka ngati kukubwera galimoto. Palibe anagula. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumubisa kuseri kwa chitenje. Ba Esnati anaima pamenepo ndi ndowa yawo yodzaza, akumwetulira, akuyang'ana uku ndi uku. Ine ndinkayang'ana chivindikiro cha chigubu changa ngati palembedwa uthenga.

Ndinayesa kukonza mwanzeru zanga. Ndinauza ba Daka kuti ndalotanso, ndipo ulendo uno ndaonetsetsa, njinga ija si yofiira, ndi yabuluu. Ba Daka anandikumbutsa mwaulemu kuti njinga yabuluu ndi ya akazi awo. Anati mdani ndi wochenjera, akusintha mitundu kuti asokoneze ana a Mulungu, tigwiritse chimene chinaoneka poyamba. Anandiwonjezera tsiku lina losala.

Lachisanu amake Chiko anabwera kuchokera kumjigo ndi nkhani yoti amuna ena apangana kuti Lamlungu tikaweruka apite kwa ba Esnati, akafufuze m'khola la mbuzi ndi m'nyumba, ndipo ena akuti asamuke basi. Pano si nkhani yoseketsa. Tonse tikudziwa zimene zimachitikira mayi wamasiye akamutchula kuti ndi mfiti. Ndinazungulira nyumba kangapo, ndinakwera chulu, ndinatsika, ndinakweranso. Ndinachita mantha enieni.

Madzulo a tsiku lomwelo ba Esnati anabwera okha, akukankha njinga. Belu panalibe, panangotsala kachitsulo kake. Anaika ndowa ya vitumbuwa pakhonde, anati ana adye zisaonongeke, ngati tingalole. Kenako anandiyang'ana.

“Atate ake Chiko, ninakulakwirani chani?”

Sanakweze mawu. Akanandimenya ndi ndowayo zikanakhala bwino. Ndinagwada pafumbi pomwepo n'kuulula zonse, mkazi wanga akumva. Amake Chiko anangofunsa funso limodzi, kuti matenda a ng'ombe aja ndiye amenewa? Kenako anandiuza kuti ndikwere njinga ndikanene zomwezo kwa ba Daka dzuwa lisanalowe.

Ndinapita, ndinanena. Ba Daka anapukusa mutu mwachisoni, nati ndiwaonetse gemuyo. Ndinatulutsa foni. Maswiti, magalimoto, ng'ombe ya pa galasi. Ketulo palibe. Dzina la gemu sindilidziwa, ndiye ndifufuza chiyani? Ba Daka anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana kumwamba.

“Mwaona? Wamumanga pakamwa. Manje ayamba kumuteteza mzimayi uja,” anatero ba Daka.

Chilungamo changa choyamba pa sabata yonse, ndipo palibe anachikhulupirira! Ndinathamangira pachulu kukaimbira Gibson. Anaseka mpaka ndinamva foni ikugwa. Atatola ndinamuuza za ba Esnati, ndipo kuseka kunatha. Kutumiza gemuyo pa netiweki ya pachulu kunakanika Loweruka lonse, imafika pakati n'kuduka, choncho anati abwera yekha pa minibasi.

Lamlungu mapemphero anatha Gibson asanafike. Amuna aja anali atayamba kale kusonkhana pansi pa mtengo, ena akupinda manja a malaya. Ine ndinaimirira pa sitepe ya tchalitchi n'kuyamba kulankhula kuti ndiwachedwetse. Ndinaulula za thole, za chimbudzi, za chimanga chokazinga pa masiku osala, zinthu zimene palibe anandifunsa. Ndikanapitirira pang'ono ndikanaulula ndi za ku sukulu. Mwamwayi Gibson anatulukira ali fumbi lokhalokha, foni m'mwamba.

Anthu anaunjikana. Ketulo inayamba kuthamanga, mano anagwa, belu linalira, ndipo uyo, mkazi wa mutu wa mbuzi pa njinga yofiira. Kenako wina kumbuyo analira ngati mbuzi, ndipo tchalitchi chonse chinagwa nacho chiseko. Ba Daka analanda foni kuti aone bwino ntchito za mdima. Anafa asanadumphe n'kamodzi komwe. Anati tayambitsaninso. Anafa kasanu akazi awo asanawalande.

Ba Esnati okha sanaseke. Anali ataima patali, kumbali kwa njinga yawo. Gibson anawapititsira foni, anayang'ana kanthawi, ketulo inafa, inadzukanso.

“Kansi ikafa iuka futi?” anafunsa. Ndinati inde. Anagwedeza mutu. “Ili na mwayi.”

Anakwera njinga n'kumapita.

Ulembi anandichotsa, ndipo sindinatsutse. Ndinapita kwa ba Esnati ndi amake Chiko kukapepesa monga mwa mwambo, nkhuku m'manja. Analandira, anati zatha. Belu ndinakawamangira ndekha ndi sipanala yanga. Anthu anayambanso kugula vitumbuwa, ngakhale alipo awiri atatu amene mpaka lero amati utsi sufuka popanda moto, ndipo amagula kwina. Amenewo ndinawapanga ndine, ndipo sindidziwa batani lowafufutira.

Mukufuna kudziwa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kupukuta m'manja ndisanagwire foni. Za gemu yofanana ndi ija, kunama n'kulakwa, chala chimandiyabwabe, ndipo Gibson akuti wapeza ina ya nsomba yovala jekete imene imagwera kumwamba. Ndamuuza kuti asunge kaye.

M'mawa uliwonse ndimakhala pa ndowa ndikukama, khutu lili kumsewu. Ndimamva belu likulira kwa ba Phiri, kenako kwa ba Daka. Pakhomo pathu pamangomveka matayala pa mchenga. Akadutsa mpanda wathu, limayambanso kulira.