Mbuzi Yanga Yathera M'chigubu

Lolemba

Zatheka! Mbuzi yapita, mafuta ophikira abwera. Chigubu chathunthu cha malita asanu chili apo pakona.

Ndatopa ndi timachubu ta pulasitiki timene timagula ku golosale ya a Yusufu pa Manjawira. Sabata iliyonse mtengo ukukwera, kachubu kakuwonda. Posachedwa tizilipira kungonunkhiza. Ndiye ndati ndigule ambiri lero, mawa akakwera ine ndizingoseka.

Ndalama ndazipeza pogulitsa mbuzi yanga yakuda ija. Zaka zonsezi osabereka, ntchito kudya gaga ndi kutupa mimba basi. Wagula ndi NaGama, mnzanga wa kuseri kwa mpanda. Wangoizungulira kamodzi, kuigwira pamimba, n'kumasula mfundo ya chitenje. Osanenerera n'komwe! Malonda sawadziwa mayi ameneyu, ndamumvera chisoni.

Bambo a m'nyumba muno sanakondwe. Akuti, "Mayi, mbuzi imabereka, chigubu sichibereka." Ndawakumbutsa kuti imeneyi sinkabereka. Angonyamula khasu, ulendo wa kudimba.

Malamulo a chigubu:
- chivindikiro chimodzi pa ndiwo, osapitirira
- wotsanula ndine ndekha
- mafutawa afike mpaka tikumbe kachewere, bambo aone kuti mbuzi sinapite pachabe

Thumba lobisiramo chigubu ndakana kugula, kabaza ndakananso kukwera. Kusamala ndalama kumayambira pa zazing'ono. Ndangochisenza pamutu, kudutsa nacho pakati pa msika dzuwa likuswa mtengo, mpaka kunyumba. Moni wake lero! Ngakhale amene sitilankhulana andifunsa mmene ndadzukira.

Lachiwiri

Anthu a m'mudzi muno ali ndi chikondi, sindimadziwa.

M'mawa kwabwera NaNyoni wa nyumba ya kumunsi, atanyamula nkhwani m'mbale yokuya. Akuti anathyola wambiri. Ndalandira ndi manja awiri, ndakhuthula, ndatsuka mbale, kenako ndangoima nayo. Mbale yobwera ndi kanthu siibwerera yopanda kanthu, ndimo tinaleredwera tonse. Ndayang'ana mchere, watsala wa lero. Shuga tinatsanzikana naye kalekale. NaNyoni maso ali pakona. Ndatsanula.

Abwera lero:
- NaNyoni, nkhwani
- achemwali anga aakulu, nkhwani
- akazi a aphunzitsi, kabichi wodula pakati
- mayi wina wosamudziwa, akuti ndife pachibale kudzera kwa agogo a ku Bwanje, nkhwani

Aliyense mbale yokuya! Mbale zafulati zinasweka zonse m'mudzi muno kodi?

Choipa china, nkhwaniyo nayenso akufuna mafuta, poti nsinjiro zotendera nazo zakwera. Ndathira zivindikiro ziwiri. Lamulo loyamba ndaswa ndekha.

Bambo akungoimba mluzu. Mluzu umenewu ndimaudziwa.

Lachitatu

Nzeru zabwera! Chigubu ndachikankhira pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi yachitsulo imene malemu bambo anga anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Aliyense wofika ndi mbale ndikumuuza kuti mafuta aja anali a eni, ine ndinangotumidwa. Awiri abwerera ndi chimanga chokazinga, nkhope zili gwa. Zikuyenda.

Masana ndikukazinga anyezi ndi tomato, mphepo ikuwomba kulowera kumunsi. Anyezi ndi kazitape! Mawu a NaNyoni akumveka kuseri kwa bafa: "Koma eni akewo ndi okoma mtima, mpaka kukulolani kukazingira?"

Manyazi andigwira zedi. Ndamupititsira ndekha theka la kapu kuti nkhani ithe. Nkhani sinathe, pofika madzulo yafika kuchitsime. Achemwali anga akuti ndawachititsa manyazi, kwathu kulibe anthu oumira. Nawonso apita ndi theka la kapu, loti aiwalire manyaziwo.

NaGama yekha ndiye sanabwere ndi mbale. Mbuzi ija ndikuiona pamthunzi pakhomo pake, yangogona, mimba uko. Ulesi womwe uja. Adzionere yekha, ine ndinapuma.

Lachinayi

Tsiku la amayi kutchalitchi. Mutu wa lero: kupatsa. Amayi a pampando akulalika za munthu woumira, maso ali kudenga, koma ena onse maso ali pa ine. "Kupatsa n'kuika, amayi!" Ameni wa NaNyoni wamveka mpaka kumsewu.

Kenako zolengeza. Loweruka kukubwera alendo a mpingo wa ku Bwanje, pakufunika mandasi. Ufa wasonkhedwa, shuga wasonkhedwa. "Nanga mafuta, amayi?"

Mitu yonse yatembenuka. Dzanja langa lakwera lokha, sindinalitume.

Andiimbira nyimbo, andiombera m'manja, nthungululu mpaka kukhosi kuuma. Mayi wina wandikumbatira n'kunena kuti wakhala akundipempherera. Ine ndikumwetulira, mtima ukuwawa.

Ndafika kunyumba ndaunika chigubu padzuwa. Mafuta ali pakati. Kachewere kudimba angoyamba kumene maluwa.

Lachisanu

Apongozi, mayi awo a bambo, atsika kuchokera ku Biriwiri. Mbiri yakwera mapiri onse aja osalipira minibasi!

Abwera ndi kathumba ka mbatata, ndi botolo lopanda kanthu limene akuti "langolowa lokha m'chikwama". Akuti masiku ano mbatata yowiritsa imawatupitsa m'mimba, koma chipisi ayi. Ndani angakanize apongozi?

Bambo, amene chikwatiraneni sanagwirepo mthiko, lero ndiwo akukazingira mayi awo. Atulutsa okha chigubu pansi pa bedi, lamulo lachiwiri lapita. Mbatata ikuchita kusambira! Ndaima pakhomo la khitchini, ndikuona mwendo wa mbuzi yanga ukuwira m'chiwaya. Ndalira, ndanamizira utsi.

Chipisi chake n'chokoma, ndisaname. Ndadya mokwiya, ndawonjezeranso.

Apongozi akupukuta pakamwa akuti, "Mwana wanga anakwatira bwino." Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mawu amenewa. Ndikanadziwa kuti amagulidwa ndi mafuta, bwenzi nditagula kachubu kalekale.

Loweruka

Mandasi aphikidwa, alendo a ku Bwanje adya, ena amanga m'mipango. Botolo la apongozi labwerera ku Biriwiri lodzaza mpaka pakhosi.

Ndapita kwa a Yusufu kukagula machesi. Mafuta akweranso! Kachubu tsopano kakufanana ndi chala changa chaching'ono. A Yusufu akuti, "Mayi, inu ndiye munaganiza bwino kugula Lolemba."

Ndinalondola! Ndayenda mothamanga, chitenje chikumasuka, kuti bambo amve. Amvetsera bwinobwino, agwedeza mutu. "Zoona, mayi. Tiyeni tione phindu lathu." Atenga chigubu, achipendeketsa pa sosala, tadikira. Otsalawo angokwana kudzola m'ming'alu ya kumapazi.

Chuma changa lero:
- nkhwani wofota, dengu lodzaza
- kabichi, zidutswazidutswa
- mbiri yabwino kutchalitchi
- chikondi cha apongozi
- chigubu

Walira mvula walira matope. Koma ine ndinalira mafuta okha, nkhwani yenseyu ndinamulira liti?

Lamulungu

Ndadzutsidwa ndi timawu tatsopano kuseri kwa mpanda. Ndasuzumira. Mbuzi yanga yakuda yabereka. Mapasa! Onse aakazi, akuda ngati make.

Mimba ija sinali ya gaga. NaGama poigwira pamimba paja amadziwa chimene akugula. Wosadziwa malonda uja ndine.

Bambo lero sakuimba mluzu. Angoti, "Pepani, mayi." Bola akanaseka, ndikanapeza wokalipira. Mbuzi ija ndinailera ndekha kuyambira ili kamwana, ndipo zandipweteka kwambiri.

Pochokera kutchalitchi ndati, poti kupatsa n'kuika, ndikatenge zimene ndinaika. Ndadzaza kabichi m'mbale yokuya kuposa zonse, ulendo wa kwa NaNyoni. Walandira ndi manja awiri, wakhuthula, watsuka mbale. Wandiikiramo nkhwani.

Masana kwabwera NaGama, ulendo wake woyamba sabata yonseyi, ndi kambale kafulati. M'katimo muli kachubu kamodzi ka mafuta. Akuti n'kothokoza, mbuzi ndinaisamala bwino. Akutinso, "Chigubu chija ngati chatha mundibwereke, ndizitungira madzi. Mbuzi yoyamwitsa imamwa kwambiri."

Ndampatsa. Kambalenso sikangabwerere kopanda kanthu, ndiye ndaunjikamo nkhwani, nkhwani wotsalayo ndamunyamulitsa dengu lonse. Akuti mbuzi ikondwa.

Pano ndakhala pakhonde. Kuseri kwa mpanda mbuzi yanga ikudya nkhwani wanga, ikumwa madzi a m'chigubu changa, ikuyamwitsa ana a eni.

Kachubu ndakamangirira pamfundo ya chitenje, palibe wakaona. Anyezi ndadula kale. Ndikudikira mphepo ileke.