Katoni Yanga ndi Abakha a Anaphiri

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mayi a kunyumba. Ndatopa kuisenza, ndiye imveni.

Sukulu ndinayamba ndili kale ndi imvi, ya kwacha, m'tchalitchi cha kwathu kwa Zulu, matipate atangobwera. Tsiku lina aphunzitsi athu anati, "Mawa masana kuli katuni, musajombe." Ine ndinamva katoni. (Munthu woti wasenza makatoni a sopo pa boda zaka zonsezo, mumati amve chiyani?) Ndinatulukira ndi katoni yanga yopanda kanthu, poyesa kuti kugawidwa zinthu.

"Madala, mwabwera kudzaoda?" anatero mnzanga wina, anthu n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ndinaikankhira pansi pa benchi. Anatchinga mawindo ndi zitenje, jenereta n'kuyamba kulira. Katuni ija inali kanema wa tianthu tojambula, toyenda ndi kuyankhula Chizungu, aphunzitsi akumasulira.

Poyamba zinali bwino: mtsinje, nsomba, abakha. Kenaka panabwera kamdala kadazi ngati ine ndemwe, katasenza zitini za mankhwala. Kanayang'ana uku ndi uku, n'kuziponya m'madzi. Abakha aja anagona chagada, miyendo m'mwamba.

Pajatu kale, ndili tenanti pa esiteti ya fodya, akapitawo anandituma kukakwirira zitini za mankhwala a ku nazale. Dzuwa linali loswa mtengo, ndinachita ulesi kukumba, ndiye ndinangoziponya m'khwawa. Abakha a Anaphiri, mayi wamasiye wa kumunsi kwa khwawalo, anatha onse. Anthu anati ndi chitopa, ine n'kumavomereza nawo. Ndipo tsiku la katunilo Anaphiriwo anali pa benchi ya kutsogolo kwanga, kope lawo lili pamwendo.

Wandijambula ndani? Wakandinenera kwa azungu ndani? Kamdala kaja katabweranso, ulendo uno ndi wilibala yodzaza, mtima unakana. Ndinaimirira.

"Bodza limenelo! Zinali zitini zinayi zokha, wilibala ndinalibe ine!"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Aphunzitsi anati, "Khalani pansi bambo, zimenezi anajambula kunja, sakukudziwani."

Sakundidziwa? Nanga ndayankhuliranji? (Zaka zonsezo ndili chete, n'kudzaululitsidwa ndi chidole.) Anaphiri okha sanaseke, sanatembenuke n'komwe. Potuluka anandipeza pakhomo ndikubisa katoni kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu:

"Zinali zisanu, achimwene. Ndinkachapa cha pomwepo tsiku lija."

Anamanga chitenje chawo bwinobwino, n'kumapita. Pepani sanatuluke m'kamwa mwanga. Ndinadziwa pomwepo kuti mayi amene ndakhala ndikuwapatsa moni zaka zonsezi ankandiyankha akudziwa.

M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi katoni ija, ulendo wa kukhwawa. Ndinafukula m'matope mpaka msana unauma. Ndinapeza zitini zinayi zadzimbiri, n'kuziika m'katoni. Chachisanu ndikuchifunabe.